Pakati pa filiji ndi mkono wa wodwala: ntchito ya wolondera magazi m'chipatala

Gadiyani akauzidwa kuti m'bale wake awonjezeredwa magazi, funso limene limayamba kubwera, kaya alitulutsa kaya alimeza, n'lakuti: kodi magaziwo alibe kachilombo? Sitingamudabwe. Ambirife tinakula m'zaka zimene Edzi inkapululutsa midzi, ndipo mantha aja anamera mizu. Koma mutacheza ndi munthu amene ntchito yake ndi kulondera magazi m'chipatala, mudzamva kuti chimene chimamusowetsa tulo n'china. Iye amaopa paketi yabwinobwino, yoyezedwa mosamala, imene yapachikidwa pa bedi la munthu wina. Amaopanso paketi yoyenera imene yafika mu wodi mwana atatsirizika kale.

Ku Britain munthuyu amamutcha transfusion practitioner. Kawirikawiri amakhala nesi, mzamba kapena wa mu labotale amene anaphunzira mozama za magazi, ndipo amagwira limodzi ndi dokotala wa matenda a magazi komanso komiti yoona za magazi ya pachipatalapo. Kwathu kuno ntchitoyi nthawi zambiri imagwera aliyense amene yamupeza: wa ku labu, kiliniko ofesa, nesi wamkulu wa wodi ya amayi. Kaya ili ndi mwini kaya ilibe, ntchitoyo ndi imodzimodzi, ndipo ikasowa woigwira pamafa munthu.

Chifukwa chake magazi sasakanizidwa chisawawa

Mu 1818 dokotala wa amayi wa ku London, James Blundell, anayamba kuthira anthu magazi a anthu anzawo, atatopa kuona amayi akufa ndi kutaya magazi pobereka. Ena ankachira, ena ankafa, ndipo panalibe wodziwa chifukwa. Yankho linabwera mu 1901 ku Vienna, pamene Karl Landsteiner anasakaniza magazi a anzake a pantchito n'kuona kuti ena amagwirizana pomwe ena amaundana timibulutimibulu. Umo ndi mmene anatulukira magulu amene lero timati A, B ndi O; gulu la AB linadziwika chaka chotsatira. Tsiku lokumbukira opereka magazi la pa 14 June ndi tsiku lake lobadwa.

Nkhani yake ili chonchi. Maselo ofiira a munthu ali ndi chizindikiro pakhungu pawo, A kapena B, zonse ziwiri kapena alibiretu. M'madzi a magazi, amene amatchedwa plasma, muli asilikali olimbana ndi chizindikiro chilichonse chimene mwiniwake alibe. Munthu wa gulu O alibe A, alibe B, choncho ali ndi asilikali olimbana ndi zonse ziwiri. Asilikaliwa amakhala alipo kale, sadikira kuti ayambe akumana ndi magazi achilendo. Mukamupatsa wa O magazi a A, nkhondo imayamba nthawi yomweyo, mkati mwa mitsempha. Maselo achilendowo amaphulika. Wodwala amanjenjemera, thupi limatentha, amamva kuwawa m'chiuno ndi pamene palowa singano, amagwidwa ndi nkhawa yosaneneka, BP imatsika, mkodzo umatuluka wofiira kapena wakuda. Impso zimatha kuima, ndipo magazi amasiya kugwirana moti bala lililonse limangochucha. Sipafunika paketi yonse kuti izi zichitike. Magazi ochepa chabe amakwanira. Wodwala amene wagonekedwa tulo ku fiyeta sanena kanthu, kotero chizindikiro chimangokhala bala losaleka kuchucha ndi mkodzo wosintha mtundu.

Palinso chizindikiro china chotchedwa RhD, chimene chimabweretsa mawu aja akuti positive ndi negative. Mayi wa negative akabereka mwana wa positive, thupi lake limatha kupanga asilikali amene adzavulaze mwana wa mimba yotsatira, n'chifukwa chake amabayidwa jakisoni wa anti-D pasanathe maola 72 atachira. Pakati pa azungu, anthu pafupifupi 15 pa 100 alionse ndi a negative, koma pakati pa ife anthu akuda ndi ochepa kwambiri. Choncho magazi a O negative, amene amaperekedwa pa ngozi gulu la wodwala lisanadziwike, kuno ndi osowa. Wolondera magazi amawasungira atsikana ndi amayi amene angadzabereke, pomwe abambo ndi amayi achikulire amalandira O positive. Zimenezi zimafunika kugwirizana masana, mitu ili pansi, n'kuzilemba. Usiku wa ngozi ya minibasi si nthawi yokanganirana.

Zimene kuwerenga zolakwa kunaulula

Kwa zaka zambiri maso a dziko lonse anali pa matenda a m'magazi, ndipo panali chifukwa. Ku Britain kokha anthu oposa 30,000 anatenga HIV kapena matenda a chiwindi a hepatitis C kudzera m'magazi ndi mankhwala opangidwa kuchokera ku magazi kuyambira m'ma 1970 mpaka kumayambiriro a m'ma 1990, ndipo pafupifupi 3,000 anamwalira. Lipoti lomaliza la kafukufuku wa nkhaniyi, amene anatsogolera Sir Brian Langstaff, linatuluka pa 20 May 2024. Dziko la France, litapsa ndi moto womwewo, linaika lamulo mu 1993 lakuti vuto lililonse lobwera ndi magazi lizilembedwa ndi kulondolozedwa. Ntchito imeneyi imatchedwa haemovigilance. Britain anayambitsa yake mu 1996, yotchedwa Serious Hazards of Transfusion, mwachidule SHOT.

Malipoti atayamba kuunjikana, anaonetsa chinthu chimene ambiri sankachiyembekezera. Mavuto ochuluka sanali a kachilombo. Anali a anthu: kabotolo kolembedwa dzina la wina, paketi yotengedwa molakwika m'filiji, nesi wopachika magazi osafunsa dzina. Mpaka lero malipoti a SHOT amaonetsa kuti ambiri mwa mavuto amene amanenedwa amachokera ku zolakwa zopeweka. Udindo wa transfusion practitioner unafalikira m'zipatala za kumeneko chifukwa cha zimenezi. Anaona kuti labu ili ndi oyang'anira, nkhokwe ya magazi ili ndi oyang'anira, koma kanjira kochokera pa filiji kukafika pa mkono wa wodwala kalibe mwini.

Kabotolo, dzina ndi bedi

Tiyeni tikayende kanjirako. Zonse zimayambira pa kabotolo ka magazi kamene kamatengedwa kwa wodwala kuti akaone gulu lake. Lamulo lake ndi lophweka moti ena amalipeputsa: funsa wodwala dzina, tenga magazi, lemba pa kabotolo uli pomwepo pambali pa bedi, usanachoke ndiponso usanagwire wodwala wina. Osalemberatu timabotolo. Osanyamula timabotolo tinayi m'thumba la yunifolomu kuti ukalembere pa tebulo la manesi. Zimenezi zikachitika, magazi a uje amalowa m'kabotolo ka uje, ndipo a ku labu sangadziwe. Iwo adzayeza mwaluso lawo lonse, adzachita crossmatch, kumene ndi kusakaniza magazi a wodwala ndi a m'paketi, n'kupeza kuti zagwirizana, koma adzakhala atayeza munthu wina. Kafukufuku wa m'mayiko angapo anapeza kuti zimenezi zimachitika pa kabotolo pafupifupi kamodzi pa 2,000 alionse. N'chifukwa chake zipatala za ku Britain zimafuna timabotolo tiwiri, totengedwa pa nthawi zosiyana, asanapereke magazi a gulu la munthu amene alibe mbiri yake.

Apa ndi pamene ife tili ndi vuto lathulathu. Mu wodi imodzi mumatha kukhala a Banda atatu ndi a Phiri anayi. Mayi amalembetsa dzina la bambo ake m'kabuku ka kuchipatala, pa fomu alemba la mwamuna wake, pomwe mu wodi akumutchula ndi la mfunda kapena kuti make uje. Agogo ambiri sadziwa tsiku lobadwa. Tizibangili tolembapo dzina sitipezeka paliponse. Ku wodi ya ana, nyengo ya malungo, ana awiri amagona bedi limodzi, kotero kunena kuti "magazi a pa bedi 6" n'kuitana tsoka. Ndiye pali ulemu wathu uja. Mukafunsa agogo kuti, "Ndinu a Phiri eti?" adzayankha kuti "Eya," ngakhale asanamve bwino, chifukwa kutsutsa adokotala n'kupanda mwambo. Funso loyenera ndi lakuti, "Agogo, dzina lanu ndani?" kuti alitchule okha. Kwa mwana kapena wokomoka, atchule gadiyani. Wolondera magazi amathera gawo lalikulu la moyo wake akuphunzitsa kafunsidwe kameneka, ndipo amabwereza nthawi iliyonse kukabwera ophunzira atsopano.

Paketi ikafika mu wodi, pamakhala mpata womaliza wogwira cholakwa. Wopachika amaima pambali pa wodwala, osati mu ofesi, n'kufananiza dzina limene wodwala watchula, la pa fomu ndi la pa chikalata cha paketi; gulu la magazi; nambala ya paketi; tsiku lothera ntchito. Amayang'ananso paketiyo ngati ikudontha, ngati yada modabwitsa kapena ili ndi zoundana. Zipatala zambiri zimati achite anthu awiri. Ine ndimakayikira pang'ono chitetezo cha anthu awiri amene wina akuwerenga mokweza pomwe mnzake akungovomera maso ali pa foni, aliyense akudalira kuti mnzakeyo ndiye akuona. Zimathandiza pokhapokha aliyense akadzionera yekha.

Nthawi ndi kuzizira

Magazi amaonongeka ngati mkaka. Maselo ofiira amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 6, kwa masiku 35 kapena 42 kutengera mankhwala a m'paketimo. Ma platelet, tizidutswa tothandiza magazi kugwirana, amafuna madigiri 20 mpaka 24, akugwedezedwa mosalekeza, ndipo amatha m'masiku asanu kapena asanu ndi awiri. Plasma imaumitsidwa gwa, n'kusungunulidwa ikafunika. Filiji ya m'nyumba siyenera, chifukwa paketi ikayandikira pouma maselo amaphulika. Kuviika paketi m'madzi otentha kuti "wodwala asamve kuzizira" kumaphulitsanso maselo. Lamulo lodziwika n'lakuti paketi ikatuluka m'filiji iyambe kulowa pasanathe mphindi 30, ndipo ithe pasanathe maola anayi, tizilombo tisanayambe kuswana m'menemo. Imayenda m'chubu chakechake chokhala ndi sefa, ndipo diripi yokhayo yoyenera kuyenda nayo ndi ya madzi amchere wamba. Ya shuga imaononga maselo, pomwe diripi ya Ringer's lactate ili ndi calcium amene amaundanitsa magazi m'chubu.

Magetsi akathima, jenereta ikakana kulira, wina ayenera kudziwa kuti filiji inatentha mpaka madigiri angati komanso kwa nthawi yaitali bwanji. Pepala lija lomata pa chitseko cha filiji, lolembapo madigiri m'mawa ndi madzulo, limaoneka lachabechabe mpaka tsiku limenelo.

Mphindi 15 zoyambirira ndi zimene mavuto oopsa amakonda kuonekera, choncho wodwala amayezedwa kutentha, kugunda kwa mtima, BP ndi kapumidwe magazi asanayambe, kenako pa mphindi 15, komanso pomaliza. Mu wodi ya odwala makumi asanu nesi ali yekha usiku, zimenezi n'zovuta, tisanamizane. N'chifukwa chake magazi amene angathe kudikira ndi bwino aziperekedwa masana. Gadiyaninso ndi maso aulere: akauzidwa momveka kuti "mukaona akunjenjemera, akubanika kapena akudandaula msana, thamangani mudzandiitane," amalondera kuposa makina.

Kubanika kuli pawiri. Kwina kumabwera chifukwa magazi alowa ambiri kapena mofulumira kuposa mmene mtima ungapopere, madzi n'kudzaza m'mapapo. Madokotala amati TACO. Amene ali pa chiopsezo ndi okalamba, ana aang'ono, a matenda a mtima kapena impso, ndi amene akhala ndi magazi ochepa kwa nthawi yaitali. M'malipoti a SHOT a zaka zaposachedwa, TACO ndi kuchedwa kupereka magazi ndi zimene zikutsogola pa imfa zokhudza magazi. Kupewa kwake n'kuyeza kulemera kwa wodwala, kupereka paketi imodzi n'kuonanso, kuyendetsa pang'onopang'ono, ndipo pena kupereka mankhwala okodzetsa a furosemide. Kwinako ndi TRALI, pamene asilikali a mu plasma ya woperekayo amavulaza mapapo a wolandira pasanathe maola asanu ndi limodzi. Asilikali otere amapezeka kwambiri mwa amayi amene anaberekapo, ndipo Britain atayamba kutenga plasma makamaka kwa amuna cha mu 2003, vutoli linachepa kwambiri. Kusiyanitsa ziwirizi pa bedi n'kofunika, popeza mankhwala okodzetsa amene amathandiza pa TACO sathandiza pa TRALI.

Kodi magaziwo akufunikadi?

Mbali ya ntchitoyi imene imadanitsa ndi kufunsa dokotala mnzako ngati paketi imene waitanitsa ikufunikadi. Kale ankakhulupirira kuti hemoglobini, imene amayeza pofuna kudziwa ngati magazi achepa m'thupi, ikatsika pansi pa 10 munthu awonjezeredwe. Kafukufuku wa ku Canada wotchedwa TRICC, wofalitsidwa mu 1999, anayesa odwala mwakayakaya 838 n'kupeza kuti amene anadikiridwa mpaka hemoglobini itatsika pansi pa 7 sanafe mochuluka kuposa anzawo. Paketi yosafunika imaika munthu pa chiopsezo popanda phindu, ndipo kwathu kuno imakhalanso italandidwa kwa mayi amene akukha magazi ku chipinda chochilira.

Pa ana, umboni wina unachokera kwathu konkuno. Kafukufuku wa TRACT, amene anatsogolera Kathryn Maitland ndipo anafalitsidwa mu 2019, anachitikira m'zipatala zitatu za ku Uganda ndi pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, pa ana pafupifupi 4,000. Malangizo a World Health Organization amati mwana awonjezeredwe magazi hemoglobini ikatsika pansi pa 4, kapena ikakhala pakati pa 4 ndi 6 koma ali ndi zizindikiro zoopsa monga kubanika. TRACT inapeza kuti ana a pakati pa 4 ndi 6 opanda zizindikiro zoopsa sanafe mochuluka atadikiridwa, bola aziyezedwa pafupipafupi, ngakhale pafupifupi theka la iwo anadzafunabe magazi. Inapezanso chinthu chodabwitsa: kupereka mamililita 30 a magazi pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa mwana m'malo mwa 20 kunapulumutsa ana ambiri amene thupi silinali lotentha, koma kunawonjezera imfa mwa amene linali lotentha. Zikutanthauza kuti kachipangizo koyezera kutentha kangasinthe mlingo wa magazi a mwana. Kuti zotere zichoke m'magazini a madokotala n'kufika kwa kiliniko ofesa wa pa boma, pamafunika munthu wozinyamula.

Chimodzimodzi ndi amayi. Kafukufuku wa WOMAN wa mu 2017, pa amayi pafupifupi 20,000, anaonetsa kuti mankhwala otchipa a tranexamic acid akaperekedwa pasanathe maola atatu mayi atachira amachepetsa imfa za kutaya magazi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mapiritsi owonjezera magazi a ku sikelo, kuchiza malungo ndi njoka za m'mimba, zonsezi zimachepetsa mapaketi ofunika. Ndipo alipo odwala, monga a Mboni za Yehova, amene amakana magazi chifukwa cha chikhulupiriro. Munthu wamkulu wozindikira ali ndi ufulu wokana, kotero kukambirana naye msanga, opaleshoni isanafike, kumapereka mpata wokonza njira zina.

Nanga kachilombo kaja?

Funso la gadiyani lija lili ndi yankho. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service linakhazikitsidwa mu 2003 ndi thandizo la European Union, ndipo lili ndi malo ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Balaka. Magazi onse operekedwa amayenera kuyezedwa HIV, hepatitis B, hepatitis C ndi chindoko. Chotsala ndi kanyengo kamene munthu wangotenga kumene kachilombo koma zoyezera sizinayambe kukaona. Makina ofufuza kachilombo kenikeniko, amene South Africa inayamba kugwiritsa ntchito pa paketi iliyonse mu 2005, amafupikitsa kanyengoka, koma sakathetseratu. Choncho mafunso aja amene amafunsa wopereka magazi, ngakhale ena amachititsa manyazi, ndi mbali ya kuyeza komweko.

Apa m'pamene pali kusiyana pakati pa wopereka mwa kufuna kwake ndi wachibale woitanidwa mwadzidzidzi. Mlamu amene waimikidwa pamaso pa banja lonse sangathe kunena kuti, "Ine magazi anga ndikuwakayikira." Pena "wachibaleyo" amakhala munthu wolipidwa kunja kwa mpanda. Wopereka mobwerezabwereza, amene wayezedwa kambirimbiri, ndiye wodalirika, ndipo n'chifukwa chake Club 25, imene inayambira ku Zimbabwe, imalimbikitsa achinyamata kulonjeza kupereka ka 25. Koma poti ambiri opereka kwathu ndi ana a sukulu za sekondale, nkhokwe zimaphwa sukulu zikatsekera, ndipo tchuthi cha Khirisimasi chimakumana ndi dzinja, malungo ali pachimake. Mphekesera za anamapopa, ngati zimene zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikana mu 2017, zimangowonjezera kukayikira pa nkhani imene imayenda ndi kukhulupirirana. Abale athu a ku Britain nawonso amamva pempho la bungwe lotolera magazi la NHS Blood and Transplant lofuna opereka akuda, chifukwa odwala sickle cell, matenda obadwa nawo a maselo ofiira, amene amalandira magazi pafupipafupi amafuna ofanana nawo kwambiri, monga a mtundu wa Ro, umene umapezeka mochuluka mwa anthu ochokera ku Africa.

Zikalakwika

Tsiku lina belu limalira ndithu: wodwala wayamba kunjenjemera magazi ali mkati. Choyamba n'kutseka magaziwo. Kanula isachotsedwe, ilumikizidwe ku madzi amchere ndi chubu chatsopano. Wodwala ayezedwe, dokotala aitanidwe, ndipo dzina la wodwala lifananizidwenso ndi la pa paketi. Paketi ndi chubu chake zibwerere ku labu pamodzi ndi magazi atsopano a wodwalayo, mkodzo uyang'aniridwe, fomu ilembedwe. Nthawi zambiri limapezeka kuti ndi vuto laling'ono, kutentha thupi kapena zidzolo zoyabwa, koma palibe amene amaloledwa kuganiza choncho asanaone.

Fomu ija ndi imene imavuta. Nesi amene akudziwa kuti akaulula adzakalipiridwa pamaso pa anzake kapena kuimitsidwa ntchito, amabisa, ndipo cholakwa chomwecho chimadikira nesi wina mwezi wamawa. Wolondera magazi wanzeru akafika sayamba ndi kufunsa kuti walakwa ndani. Amafunsa kuti munali anthu angati usikuwo, cholembera chinali kuti, n'chifukwa chiyani mapaketi a anthu awiri anatengedwa ulendo umodzi, ndani anaitana nesiyo ali mkati mofananiza maina. Amafunanso kumva za zimene zinangotsala pang'ono kuchitika, monga kabotolo kamene a ku labu anakakana chifukwa gulu silinafanane ndi la m'kaundula wakale, popeza zimenezi n'zochuluka ndipo zimaonetsa pamene mpanda wagumuka munthu asanavulale. Wodwala ndi abale ake nawo amayenera kuuzidwa zoona.

Koma mafunso onsewo amabwera pambuyo. Dzina la pa paketi likapezeka kuti si la wodwala amene akunjenjemerayo, wina amathamanga nthawi yomweyo kukafufuza mwini dzinalo, chifukwa mapaketi akasinthana amasinthana awiri, ndipo inayo mwina ikudontha kale m'mkono wa Phiri winayo, mabedi atatu kuchokera pamenepo.